Kodi buku la anamapopa limasintha munthu ukakula?

Wofunsa, ku Nchalo:
Ndawerenganso 'Salem's Lot, buku la Stephen King la 1975, lonena za katauni ka Jerusalem's Lot ku Maine komwe anthu akusanduka opopa magazi mmodzimmodzi. Ndili mnyamata ndinkaopa Barlow yekha, mkulu wa opopa magaziwo, koma tsopano chandisautsa ndi chakuti anthu akusowa, masitolo akutsekeka, ndipo anansi awo sakufunsa kanthu. Kodi anzanga amene munabwereza bukuli munaona zomwezi?

Mayi a ku Bangula:
Ndinaona zomwezo, achimwene. Wolemba amatenga nthawi yaitali kutionetsa miseche, nkhanza za m'mabanja ndi umbombo wa wogulitsa malo, kotero kuti pamene Straker, mtumiki wa Barlow, akutsegula sitolo yake ya zinthu zamakedzana, tauniyo imakhala itavunda kale. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi wansembe Callahan, amene mtanda wake unatha mphamvu chikhulupiriro chake chitagwedezeka.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Ine ndinaliwerenga ndikukumbukira mphekesera za anamapopa za 2017, zimene zinayambira ku Mulanje ndi kufalikira m'maboma ena a kummwera, mpaka anthu osalakwa anaphedwa. M'bukuli zoopsazo n'zenizeni koma anthu sakhulupirira, pamene kwathu kuno anthu anakhulupirira msanga popanda umboni.

Wa ku Nsanje:
Musaiwale mwana wakufa uja, Danny Glick, amene akupempha pawindo kuti amulowetse. Ndi kutentha kwa mwezi wa Novembala kuno ku chigwa, pamene timagona mawindo ali otsegula, gawo limenelo ndimaliwerenga masana okha.