Wakuba wa m'sewero lathu wasanduka ngwazi, titani?

Wotsogolera gulu, Dedza: Akuluakulu, ndigaireniko nzeru. Tili ndi sewero lonyogodola mlembi wa komiti ya m'mudzi amene usiku amagulitsa makuponi a feteleza, kukacha n'kumalalikira za chilungamo. Mnyamata amene akusewera mlembiyo ndi katakwe. Akangotulukira anthu akufa nazo nseko, ana akutsanzira kayendedwe kake, ndipo mawu ake oti "ine ndine kapolo wanu" asanduka moni pamsika. Anthu akumukonda m'malo monyansidwa naye.

Wolemba masewero apawailesi: Achimwene, nthabwala zonse mwamusenzetsa iyeyo, nanga anthu atsamira kwa yani? Ikanimo gogo amene kuponi yake yagulitsidwa. Mlembi azinena kuti ndi kapolo wa anthu gogoyo atagwada pomwepo, thumba lili lopanda kanthu. Mawu ake musasinthe ngakhale limodzi. Chiseko chiwatsamwa chokha.

Mphunzitsi wa Chichewa, Zomba: Zoona, koma gogoyo asayambe kulira kapena kulalikira. Magulu ambiri amagwera pomwepo: kumapeto munthu amaimirira n'kumati "katangale ndi woipa", ngati oonera ndi ana a sitandade 1. Amayi pamtondo akamaimba monyogodola mwamuna waulesi samasulira nyimbo, mwini wake amadzimva yekha ali pakhonde. Gogoyo athokoze mlembi mwaulemu wonse, mpaka kumupatsa nkhuku. Pamenepo mpamene pawawe.

Wosewera wakale, Blantyre: Za nkhukuzo ndavomera. Changa n'china. Kodi mnyamatayo sakutsanzira munthu weniweni wa m'deralo? Ngati akutero, anthu akuseka munthuyo, khalidwelo sakuliona n'komwe. Ife tinakula nthawi ya Kamuzu, lamulo la 1968 litakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi masewero, ndiye kuzembaitsa tinakuphunzira mokakamizika. Jack Mapanje ankaphiphiritsa ndithu m'ndakatulo zake, komabe anamutsekera kundende ya Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991 osamuzenga mlandu. Lero za Mikuyu kulibe, koma mfumu ikhoza kukuletsani bwalo.

Wotsogolera gulu, Dedza: Madala, mwalasa. Chipewa ndi katsokomoledwe kaja anatengera mlembi wina wa kwawo. Chipewacho tichotsa, gogo alowa ndi nkhuku yake, ndipo ulaliki wakumapeto ndaudula. Tiyeserera Loweruka. Chatsala n'choti nkhukuyo ikhale yamoyo kapena yansanza?

Wolemba masewero apawailesi: Yansanza, achimwene. Yamoyo ikakupulumukani ana onse athamangira iyo, gogo n'kutsala yekha pabwalo.