Masitepe okwerera kusukulu ya kwathu: matumba angati a simenti?

Mlembi wa gulu (Chipata): Mwaswera bwanji nonse. Pamsonkhano wa Loweruka tinagwirizana kuti masitepe a pachitunda cha kusukulu amangidwe mvula ya Novembala isanayambe, chifukwa ana amaterereka pamenepaja chaka chilichonse. Koma pa simenti sitinamvane. Ena akuti matumba 20, ena akuti 3 akwana.

Achimwene a ku Kitwe: Ine ndinanena 20 ndipo sindikusintha. Bola simenti itsale kusiyana ndi kuimitsa ntchito pakati.

Amayi osunga chuma: Achimwene, ndalama zimenezi ndi za anthu ogulitsa tomato ku Kapata. Komanso simenti yotsala ikagona pachinyezi imauma. Tiwerengere bwino.

Amalume amisiri (Katete): Ndinakayeza ndi tepi Lachiwiri. Chitunda n'chokwera mamita 1.8, ndiye pakhala masitepe 12, lililonse masentimita 15 kukwera, popondapo 30, m'lifupi mamita 1.2. Sitepe mukaliyang'ana cham'mbali lili ndi ngodya zitatu, choncho timachulukitsa 0.15 ndi 0.30 ndi 1.2 n'kugawa pawiri. Zikutuluka 0.027, ndipo onse 12 ndi makiyubiki mita 0.32 a konkire. Amene anati matumba 3 analekezera apa. Anaiwala silabu yopendekeka imene masitepe amakhalapo. Imeneyo ndi mamita 4 m'litali, 1.2 m'lifupi, 0.15 kuchindikala, ndiye 0.72, kuposa masitepe enieniwo kawiri! Popumira pamwamba pakutenga 0.22. Zonse pamodzi ndi 1.26, ndipo tikaikapo 10 peresenti ya wotayika ndi wolowa m'maenje tikufika pa 1.4.

Mphwathu wa ku Lusaka: Amalume, zimenezo m'matumba ndi angati? Ife makiyubiki sitiwadziwa.

Amalume amisiri: Tikasakaniza 1:2:4, ndiye kuti muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala, kiyubiki mita imodzi imadya matumba 6 ndi pang'ono a makilogalamu 50. Ndiye 9. Mchenga wa kumtsinje mawilibala 10, miyala yoswa mawilibala 19 kapena 20. Koma apa mundimvetse, chifukwa ndi pamene ntchito zambiri zimafera. 1:2:4 sikuti thumba limodzi, mawilibala awiri a mchenga, anayi a miyala ayi. Wilibala imodzi imalowa pafupifupi matumba awiri a simenti. Choncho pa thumba limodzi ndi wilibala imodzi ya mchenga, awiri a miyala. Mukathira mopitirira apo, m'mphepete mwa masitepe mumayamba kugumuka ana akangopondapo miyezi ingapo.

Achimwene a ku Kitwe: Nanga maziko a pansi penipeni? Madzi otsika m'chitunda chija ndimawadziwa, ndinaphunzira pomwepo. Akakumba pansi, zonse zidzatsetsereka.

Amalume amisiri: Apo mwanena zoona, sindinawerengere. Tikumbe maziko mamita 1.2 m'litali, 0.4 m'lifupi, 0.4 kuya. Ndi 0.19, thumba limodzi ndi pang'ono. Tigule 11, pakhalenso ngalande pambali.

Amayi osunga chuma: 11 ndavomera. Matabwa ndi zitsulo mutipatse mtengo wake padera. Za kuthirira konkire madzi masiku 7 kuti alimbe ndikambirana ndi amayi a kumudzi, dilawo ili pafupi.

Achimwene a ku Kitwe: Ikani 12, lowonjezeralo ndilipira ndekha. Nditumiza pa Airtel Money mawa.

Mlembi wa gulu: Ndalemba 12. Ndani ali ndi ngolo yotutira mchenga Loweruka?