Kodi umodzi wathu uyenera kudikira maliro?

Mlendo wa ku Rosettenville:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, pali nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa masabata atatu, ndipo ndati ndiitule pano kuti akuluakulu andiunikire. Mwezi watha tinataya mnyamata wa kwathu amene ankasamalira maluwa pa nyumba ina ku Randburg. Uthenga utangomveka, anthu anakhamukira kumene ankachita lendi, ndipo usiku umenewo ndinaona zimene sindinazionepo chibwerereni ku Joni. Akatolika, a Seventh Day, a mipingo ya chipentekoste ndi ife achipresibateriya tinakhala pa makreti ndi pa zidebe panja pa kachipinda kake, tikuimba mpaka mbandakucha, kope la chipepeso likuyenda dzanja ndi dzanja, wina kulemba R50, wina R200. Abale achisilamu a ku Mangochi nawonso anafika ndi zawo. Sabata isanathe bwino, thupi linanyamuka ulendo wa kumudzi kudzera pa Beitbridge.

Lamulungu lotsatira aliyense anabwerera kwake. Holo imene timapempheramo timalipira pa maola, ndipo ife tikamatuluka 11 koloko, gulu lina limakhala likulowa. Anthu amenewo tinali nawo mpingo umodzi chaka chatha, koma tinapatukana titalephera kumvana za chiyankhulo cha nyimbo ndi ulaliki. Munthu amene tinagawana naye bulangete pa siwa ndinadutsana naye pa masitepe, moni wake wa pakamwa chabe, wanganso chimodzimodzi.

Yesu anapemphera kuti tonse tikhale amodzi, monga timawerengera pa Yohane 17:21, ndipo ine ndimakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse. Komabe nyimbo za Chichewa zimene ndinayamwira sindifuna kuzitaya, ndipo ndikudziwa kuti mbale wanga akaimba m'Chitumbuka amakhala wafika kwa amayi ake. Kodi umodzi ukufuna kuti mmodzi wa ife adzikane chimene ali? Nanga n'chifukwa chiyani imfa ikutha kutisonkhanitsa pamene mapemphero a sabata ndi sabata akulephera?

Mkulu wa ku Turffontein:

Achimwene, mwafunsa bwino, ndipo musaganize kuti vutoli layamba ndi ife. Werengani Machitidwe 6. Mpingo woyamba, umene unali utangolandira Mzimu Woyera, unayamba kung'ung'udza chifukwa amasiye a Ayuda oyankhula Chigriki ankaiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanalamule kuti onse ayankhule chimodzi, ndiponso sanawauze kuti akayambe mpingo wawo. Anati asankhidwe amuna asanu ndi awiri oti ayang'anire ntchitoyo, ndipo mukaona mayina awo, a Stefano, Filipo, Prokoro ndi anzawo, mupeza kuti onse ndi mayina a Chigriki. Odandaulawo ndi amene anapatsidwa chipande. Kwa ine pamenepa ndi pamene pagona yankho: amene ali ochuluka ayenera kuyamba ndi iwo kupereka malo, ndipo kuno ku Joni ochuluka nthawi zambiri ndife oyankhula Chichewa.

Mbiri yathu nayonso ili ndi zodabwitsa zake. Mu 1889 Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, ochokera kuno ku South Africa, anakayamba mishoni pa Mvera, ndipo lero zidzukulu za anthu amene anawalandira ndizo zili alendo m'dziko limene iwo anachokera. A Livingstonia ndi a Blantyre anagwirizana kupanga mpingo umodzi wa CCAP mu 1924, a Nkhoma analowa mu 1926, koma aliyense anasunga nyimbo zake ndi kayendetsedwe kake. Ngakhale Buku Lopatulika la 1922 linamasuliridwa moti Mchewa wa ku Dowa ndi Mmang'anja wa kumwera alimve onse, ndipo n'chifukwa chake muli mawu ena amene kwanu simuwayankhula. Makolo aja analolera kuwerenga mawu a anzawo kuti Buku likhale limodzi.

Ine ndinali kuno mu May 2008 pamene ziwawa zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra. Amene tinagona m'maholo a matchalitchi masiku amenewo sitinafunsane za mpingo. Zinthu zitakhala bata, tinayambanso kufunsana.

Mayi wa ku Cosmo City:

Bambo mkulu, ndalandira zonse mwanena, koma ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono inu ndi achimwene ofunsawa. Sindikhulupirira kuti zimene timaona pa maliro zonse ndi chikondi. Gawo lina ndi mantha, chifukwa aliyense wa ife amadziwa kuti tsiku lina thupi lake lidzafunika kuoloka Zimbabwe ndi Tete kuti likafike pa Mwanza, ndipo amene salemba m'kope lero sadzalemberedwa mawa. Sindikunyoza zimenezi ayi. Paulo ananena pa 2 Akorinto 12:10 kuti pamene ali wofooka ndi pamene ali wamphamvu, ndipo mwina Mulungu amagwiritsa ntchito mantha athu omwewo kutikumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga. Pa siwa palibe amene ali ndi choti adzitame nacho, n'chifukwa chake pamakhala malo a aliyense.

Chimene chimandipweteka ine chili pa 1 Akorinto 12:26. Vesi limenelo likuti chiwalo chimodzi chikamva kuwawa zonse zimve nacho, komanso chimodzi chikalemekezedwa zonse zikondwere nacho. Ife tagwira theka loyamba lokha. Mnzathu akapeza mapepala, akakwezedwa pa ntchito, kapena kwaya ya gulu lina ikaimba bwino kuposa yathu, nkhope zimagwa. Kulira ndi wolira n'kosavuta poyerekeza ndi kukondwera ndi munthu amene wapatsidwa chimene iwe ukuchipempherera.

Za kudzikana chimene muli, achimwene, musaope. Lachinayi timakumana amayi amene kumudzi tinali ena a Mvano, ena a Chigwirizano, ena a Umanyano. Pali mayi mmodzi amene saimba, salalikira, ndipo akapemphedwa kupemphera mawu amamuthawa, koma ndi iye amene amadziwa aliyense amene wagonekedwa m'chipatala, ndipo amakwera matekisi awiri atanyamula phala m'fulasiki. Tikanamukakamiza kuti afanane ndi ife oimba, odwala athu akanagona ndi njala.

Mtsikana wa ku Yeoville:

Makolo anga, pepani kuti ndikulowerera nkhani ya akulu. Ine ndinabwera kuno ndili ndi zaka 4, ndipo Chizulu ndi Chingerezi ndimayankhula mosavuta kuposa Chichewa chimene ndikulembachi. Pamene inu munkakangana za Chichewa ndi Chitumbuka, ife ana anu tinali kumbuyo osamva bwino zonse ziwiri, ndipo palibe anatifunsa. Anzanga ambiri anapita ku mipingo ina osati chifukwa chodana ndi kwathu, koma chifukwa kumeneko anawapatsa chochita. Ngati mukambirananso za nyimbo, chonde mutiitane.

Mlendo wa ku Rosettenville:

Zikomo nonse. Amayi, mawu anu a theka la vesi andilasa, chifukwa ndikukumbukira kuti kwaya ya anzathu aja itaitanidwa kukaimba pa ukwati wina, ine ndinakana kupita popanda chifukwa chomveka. Mchemwali wanga wa ku Yeoville, sindinaganizepo za inu, ndipo ndikupepesa. Lamulungu likubwerali sindithamangira tekisi tikaweruka. Ndikhala nawo m'mapemphero a gulu linalo, pa mpando wa kumbuyo, ndipo ndapempha mbale uja wa pa masitepe kuti andilembere mawu a nyimbo ziwiri za Chitumbuka kuti ndisakangokhala duu. Bambo mkulu, ngati mungapezeke tsiku limenelo, ndingakonde kuti mukandiperekeze, chifukwa atsogoleri a kumeneko amakudziwani.