Ndiwaphunzitse bwanji ana za msonkho wa pa malipiro?

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza, ndipo sabata yatha tinafika pa mutu wa misonkho. Nditafunsa kuti msonkho n'chiyani, onse anatchula tikiti ya pamsika, poti ambiri amathandiza makolo kugulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1. Za PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, analibe nazo chithunzi.

Chandivuta kwambiri ndi mnyamata wina wochenjera ndithu. Iye akuti amalume ake anakana kukwezedwa pa ntchito chifukwa malipiro akakwera, msonkho umameza zonse, munthu n'kumalandira zochepa kuposa kale. Kalasi yonse inamuvomera. Ndinalemba maperesenti pabolodi mpaka choko kutha, koma nkhope zawo zinaonetsa kuti akukhulupirira amalume aja, osati ine. Ndiyambire pati?

Nachisale wa ku Ntcheu:
Aphunzitsi, siyani kaye bolodi. Ine ndinkawerengera malipiro a antchito pa kampani ina, ndipo bodza limeneli ndalimva kwa anthu a ndevu zawo. Tengani ndowa zinayi ndi chigubu cha madzi. Madziwo ndiwo malipiro a pamwezi. Ndowa yoyamba ikadzaza m'pamene mumathira mu yachiwiri, ndipo iliyonse ili ndi msonkho wakewake.

Tengani mlingo womwe unayamba mu Epulo 2024. K150,000 yoyamba inalibe msonkho. K350,000 yotsatira ankadula 25 peresenti, kenako 30 peresenti, ndipo yopitirira K2,550,000 ankadula 35 peresenti. Ndiye wolandira K300,000, ndowa yoyamba saikhudza. Amadula pa K150,000 yotsalayo basi, zomwe ndi K37,500, iye n'kutenga K262,500. Mumukweze afike pa K600,000: ndowa yachiwiri yadzaza, msonkho wake K87,500, ndipo K100,000 yagwera mu yachitatu, msonkho wake K30,000. Zonse pamodzi K117,500, kupita nayo kunyumba K482,500. Mnyamata wanuyo awerengetse yekha pamaso pa anzake, anene ngati amalume ake akanaluza. Ine ndikuganiza kuti pali china chimene anakanira, msonkhowo angounamizira.

Koma musanaphunzitse, onani mlingo wa chaka chino kwa a MRA, bungwe lotolera misonkho, chifukwa manambalawa amasintha nduna ya zachuma ikapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo. Ana asaloweze manambala, agwire za ndowazo.

Bambo a Chikondi, Lizulu:
Mayi Nachisale alasa. Ine ndiwonjezere za tikiti ija, musaitaye, ndi poyambira pabwino. Ndalama ya tikiti ya pamsika imapita ku khonsolo ya boma, pamene PAYE imapita ku MRA. Ndipo wolembedwa ntchito sanyamuka kukapereka yekha ayi. Abwana ndiwo amadula asanamupatse malipiro, n'kutumiza pofika pa 14 mwezi wotsatira. Auzeninso kuti akagula zinthu zina mugolosale amakhala atapereka kale VAT, msonkho wophatikizidwa pa mtengo wa katundu, kaya ali pa ntchito kaya ayi. Ana anga anadabwa nazo zimenezi.

Agogo athu ankasimba za msonkho wakale uja, woti mwamuna aliyense apereke ndalama yofanana, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo amesenjala akatulukira m'mudzi anthu ankathawira kuphiri. Mukawasimbira zimenezo aona okha kusiyana kwake ndi wa lero, womwe umayang'ana kaye zimene munthu walandira.

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Zikomo kwambiri nonse. Ndowa ndabwereka kale kwa amayi ophika mandasi pageti. Koma Mayi Nachisale, ndikaonetsa pepala langa la malipiro, adzafunsa za ndalama zina zodulidwa zija. Ndinene kuti nazonso ndi msonkho?

Nachisale wa ku Ntcheu:
Ayi ndithu, musaziphatikize. Ya penshoni ndi yanu yomwe, akukusungirani. Ya ngongole ya ku SACCO mukuidziwa nokha. Ndipo pepala lanulo musalionetse, aphunzitsi, lembani longopeka. Ana a Fomu 3 mawa lomwe Bembeke yense adziwa zimene mumalandira.