Ma DVD a Scooby-Doo: ndigule kapena ndisiye?

Make Tadala: Abale, wina akugulitsa bokosi la ma DVD a Scooby-Doo, Where Are You! pa K45,000, akuti ndi orijino. Ana anga galu ameneyu amamukonda koopsa. Ndiithire ndalamayi?

Bambo a Yamikani: Mayi, osatulutsa ndalama musanayese chimbale chilichonse pamaso pake. Ine mnyamata wina wa m'tauni anandigulitsa la K18,000, pachikuto atalemba magawo 41. Kufika kunyumba, choyamba chikungobwereza gawo limodzi, chachiwiri muli filimu ya karate, chachitatu chili zii. Ana anali atayala kale mphasa, chimanga chokazinga chili m'mbale. Ndinabwererako m'mawa mwake, munthu wasamuka. Mpaka lero zimandiwawa.

Wa ku Joni: Mumakonda zotchipa nchifukwa chake. Langa ndinachita kuitanitsa ku America, Blu-ray ya 2019 yokumbukira zaka 50, bokosi lake looneka ngati nyumba ya mizukwa. Mtengo sindinena, mungakomoke.

Nachisale: 41 yachokera kuti? Magawo ndi 25 basi, 17 oyamba aja anayamba kuonetsedwa pa kanema wa CBS ku America mu 1969, ena 8 mu 1970.

Wa ku Joni: Onjezani 16 a 1978, chemwali. Ndili nawo pano.

Nachisale: Amenewo anangowaphatikizamo.

Kamba_265: K45,000 pa katuni? Pitani ndi fulashi kwa anyamata obena mafilimu, K2,000 yakwana. Yotsalayo gulani ndiwo.

Bambo a Yamikani: K2,000 kuti? Kwathu kuno ndi K5,000, fulashi ibwerenso ndi vairasi.

Aphunzitsi Opuma: Make Tadala, ine ndikuti gulani. Taonani mmene nkhani zake zimathera. Velma atolera zizindikiro, Fred atchera msampha, Shaggy ndi Scooby athamangitsidwa mpaka mzukwa ugwidwe. Akauvula chigoba apeza ndi munthu wamba, wofuna kuopseza anzake kuti abe chuma kapena alande malo. Mdzukulu wanga ankakana kupita kuchimbudzi kukada. Pano akamva kuphwanya kuseri kwa nyumba amatenga tochi, ati akufuna aone mapazi. Zimenezo ndi zoyenera kulipira. Koma chenjerani ndi filimu ya Scooby-Doo on Zombie Island ya 1998, mmenemo mizukwa yake ndi yeniyeni, wamng'ono sangagone.

Kamba_265: Zoonatu adadi, koma pa fulashi chigoba amavulanso chimodzimodzi.

Nachisale: Ana anu ndi a zaka zingati? Ngati ali ku sekondale yakaleyo awodzera nayo. Apezereni Scooby-Doo ina yatsopanoko yotchedwa Mystery Incorporated, magawo 52, nkhani imodzi yopitirira ya m'tauni ya Crystal Cove. Imeneyo ndiye yabwino kuposa zonse.

Wa ku Joni: Bodza. Yoyamba ija ya kampani ya Hanna-Barbera ilibe inzake.

Mjomba Che Wisiki: Funsani kaye ngati ndi Region 1, kutanthauza opangidwira makina a ku America. Ma DVD a ku America makina ena amawakana.

Make Tadala: Wamkulu ali ndi zaka 9. Wogulitsayo watsitsa, akuti K38,000, koma kuyesa akukana ati pulasitiki ing'ambika.

Bambo a Yamikani: Mwamva? Thawani mayi!

Aphunzitsi Opuma: Muuzeni mukang'ambire limodzi pamakina anu, ndalama ili m'manja.