Zipangizo za sayansi: tipange ziti tokha, nanga tigule ziti?

Mphunzitsi wa CDSS, Mulanje

Aphunzitsi anzanga, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimaphunzitsa Chemistry ndi Physics pa sukulu ina ya CDSS kuno ku Mulanje, ndipo labotale yathu yonse ndi kabati imodzi yomwe imakhala mu ofesi ya ahedi. Teremu ino komiti ya makolo yatipatsa kandalama kochepa kogulira zipangizo. Ku maphunziro a SMASSE, osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi, komanso m'mabuku ochokera ku MIE, bungwe lokonza masilabasi ku Domasi, amatilimbikitsa za TALULAR, kuti tiziphunzitsa ndi zinthu zopezeka m'dera lathu, ndipo ine sindikutsutsa. Koma chaka chatha ndinaona ana a Fomu 4 akugwira burette, kachubu kagalasi kokhala ndi manambala koyezera madzi a mankhwala, koyamba mayeso a MSCE atatsala masiku ochepa, manja ali njenjenje. Kodi ndi zipangizo ziti zomwe tingapange tokha popanda kunamiza ana, ndipo ndi ziti zomwe sitingachitire mwina koma kugula?

Mayi wophunzitsa Sitandade 7, Thyolo

Achimwene, ine ndili ku pulayimale, koma ndiyankheko poti ana amene mumalandira ku Fomu 1 amachokera m'manja mwathu. Pa nkhani ya asidi ndi base musataye ndalama msanga, chifukwa zonse zili kukhitchini kwa amayi awo a anawo. Wiritsani chidede, musefe madzi ake ofiirawo, muwagawe m'makapu oonekera mkati. Mukadonthezamo madzi a mandimu kapena viniga, kufiirako kumawala; mukadonthezamo chidulo, chija timachita kucheza kuchokera ku phulusa pophika therere, madziwo amatembenukira ku mtundu wobiriwira. Soda wophikira amachitanso chimodzimodzi. Ngakhale tiyi wathuyu amayezuka mukafinyiramo ndimu, ndipo amada mukathiramo soda.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti phunziroli silithera m'kapu. Ana ambiri kuno makolo awo amathyola tiyi, ndiye ndikawauza kuti tiyi amakonda dothi la asidi, la pH (muyeso wa kuwawasa) ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, pomwe chimanga chimafuna dothi losawawasa chotero, amafunsa okha chifukwa chake chimanga chimanyentchera m'minda ina. Mwana akafika pofunsa yekha, bolodi limakhala lachita kale ntchito yake.

Tilinso ndi choyezera mvula cha botolo lapulasitiki losapindika m'mbali, lomwe tinadula kukamwa n'kukuzondotsa kuti kukhale fanulo. Ana amalemba mamilimita m'mawa uliwonse, ngakhale masiku a chiperoni pamene m'botolo mumangopezeka timadontho.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza

Amayi anena zoona, koma ndichenjeze pang'ono, chifukwa ndinaphunzitsa Physical Science zaka zambiri phunziroli lisanagawidwe pawiri kukhala Chemistry ndi Physics. Chipangizo chopanga tokha chimaonetsa bwino kuti chinthu chikuchitika, koma sichinena kuti chachitika mochuluka bwanji. Chidede chimuuza mwana kuti apa pali asidi, koma sichimuphunzitsa kuwerenga 23.5 pa burette diso lili pa mlingo wa madzi, ndipo a MANEB amafuna nambalayo. Choncho langizo langa ndi lakuti kandalamako kapite ku zoyezera zokhazokha: burette ziwiri kapena zitatu, pipette, measuring cylinder, thermometer, spring balance, ammeter ndi voltmeter. Onjezeranipo kabotolo ka phenolphthalein, mankhwala osintha mtundu mu base, chifukwa pa titration iliyonse (kuyeza asidi ndi base pa burette) mumangofunika madontho awiri kapena atatu ndipo kamakhalitsa.

Zotsalazo pangani. Pendulum ndi ulusi wa mita imodzi ndi kamwala; ikapita ndi kubwera maulendo 20 imatenga pafupifupi masekondi 40, ndipo pogwiritsa ntchito wotchi ya pa foni ana atha kupeza g, muyeso wa mphamvu yokokera zinthu pansi, yoyandikira 9.8. Jakisoni watsopano wa 10 ml, wogula ku famase n'kuchotsa singano, amayeza madzi bwino ndithu, ndipo poti mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, mwapezeratu miyala ya sikelo yanu. Musatole majakisoni ogwiritsidwa kale ntchito, ngakhale wina atakuuzani kuti anawawiritsa. Makala a m'kati mwa mabatire akale a tochi amathandiza pa electrolysis (kugawa mankhwala ndi magetsi), koma muzitsegula nokha mabatirewo, osati ana, ndipo batire la foni musaliboole chifukwa limatha kuyaka. Mukagwiritsa ntchito madzi amchere, tsegulani mawindo, poti mpweya wa chlorine umatuluka.

Mphunzitsi wa Biology, Chitakale

Bambo a ku Luchenza atchula zogula, ine nditchule adani a zipangizozo, omwe kuno ndi chinyontho ndi chiswe. Matchati anga onse a pa makatoni anachita nkhungu dzinja limodzi lokha, ndipo otsala anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tsopano ndimajambula pa matumba oyera a feteleza, ndipo zazitsulo ndimasunga m'ndowa zovundikira. Gulani ndowa ziwiri musanagule burette yachitatu.

Musaiwalenso phiri la Mulanje. Pa Sapitwa, mamita 3,002, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 m'malo mwa 100 chifukwa mpweya umapanikiza mochepa, ndipo ngakhale osafika pamwambapo, thermometer imodzi ndi ketulo zimaonetsa kusiyana pakati pa Likhubula ndi Chambe. Ku Bondo kuli magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, komwe mwana angaone ndi maso momwe mphamvu ya madzi otsetsereka imasandukira kuwala. Mbande za mkungudza nazo ndi phunziro lathunthu la Biology.

Mphunzitsi wa CDSS, Mulanje

Zikomo kwambiri nonse. Ndalemba burette ziwiri, pipette ziwiri, thermometer, phenolphthalein ndi ndowa, ndipo ammeter tidzayamba tabwereka ku sukulu ina ya mu kalasita yathu. Amayi a ku Thyolo, madzi a chidede aja mumawasunga masiku angati asanayambe kusasa? Ndikufuna kuyesa ndi Fomu 2 Lachinayi likubwerali, ndipo makalasi ake ndi awiri, lina m'mawa, lina masana.