Mataiti a jimu akubwezedwa: vuto ndi taiti kapena panti?

Make Tiwonge (Zigwagwa): Mwaswera bwanji amayi anzanga ndi abambo muli muno. Ndigawireniko nzeru. Mwezi watha ndinaoda mataiti a jimu madazeni awiri, akuda, otuwa ndi apinki. Akuyenda ndithu, makamaka kwa atsikana a pa Mzuni ndi amayi aja amakadumpha ma aerobics m'mamawa. Koma sabata ino yokha abweza atatu. Wa lero wafika taiti ili mu jumbo, nkhope ili ndwii, akuti "mayi mwandichititsa manyazi, nditawerama anzanga onse amaona panti." Ndaitambasula, sinang'ambike, msoko uli bwinobwino. Ndamubwezera ndalama kuopa phokoso pa benchi, koma ndikapitiriza chonchi mpamba utha.

NyaMhango (Katoto): Pepani asisi. Munamufunsa kuti mkatimo anavala panti wotani?

Make Tiwonge: Akuti woyera, wa thonje, aja okhala ndi lasitiki wonenepa m'miyendo. Taiti yake inali yapinki.

NyaMhango: Ndiye mlandu mugawane pakati, theka wanu theka wake 😂 Choyera pansi pa nsalu yowala chimachita kufuula.

Anaphiri (telala, Chibavi): Ndiyankheko ine wa singano. Apa pali mavuto awiri, musawaphatikize. Loyamba ndi mizere. Panti wamba m'mphepete mwa miyendo amapinda nsalu n'kusokerera lasitiki, ndiye pamakhala kamtunda. Taiti imagwira thupi, kamtunda kaja kamatulukira kunja ngakhale taiti ikhale yodula bwanji. Panti akakhala wothina ndiye zimanyanya, chifukwa lasitiki amalowa m'thupi n'kugawa thako pawiri. Ya lesi nayo imaonetsa timaluwa take tonse. Mankhwala ake ndi aja amati seamless, m'mphepete sanapinde, anangodula ndi makina, mukapapasa ndi chala simumva msoko.

Lachiwiri ndi kuonekera mkati, ndipo ili ndi la taiti yeniyeniyo. Nsalu imeneyi ndi yoluka ngati juzi, kungoti ulusi wake ndi waung'ono kwambiri. Ikakokeka mopyola, timaso take timatseguka. Munthu wa XL akaumirira M, ataima zimaoneka bwino, koma akanyonyomala zonse pambalambanda. Ine kasitomala akabwera kuti ndimuchepetsere taiti ndimakana, ndimangofupikitsa miyendo basi.

Make Tiwonge: Anaphiri mwandilasa. Wa leroyo ndinamuuza kuti atenge L, anati ayi akufuna yogwira.

Anaphiri: Yesani izi usiku uno. Lowetsani dzanja kumbuyo kwa taiti, pamene pamakhala matako, mutambasule zala mpaka nsalu ikokeke. Dzanja linalo muunike ndi tochi ya foni. Mukaona zikhadabo ndi mizere ya m'manja, imeneyo si ya jimu. Masana ingoimani pakhomo pa shopu, dzuwa likuuzani zoona. Magetsi a m'kati amanamiza.

Bambo a Chisomo (Taifa Market): Ine nkhani ya mapanti ndimasiyira mayi akunyumba, kasitomala wamkazi sangandifotokozere zimenezo ine 🙈 Koma pa mataiti, Make Tiwonge musadziimbe mlandu kwambiri. Mu 2013 kampani yaikulu ya ku Canada, Lululemon, inachotsa m'masitolo ake mataiti akuda ambirimbiri chifukwa ankaonetsa mkati. Nanga ife a pa benchi? Chomwe ndinaphunzira n'kuwerenga kapepala ka m'chiuno ndisanalipire. Pakhale nylon kapena polyester, kuphatikiza spandex, ena amalemba elastane, ndi chinthu chimodzi. Spandex ndiye amachititsa nsalu kubwerera m'malo ikakokeka. Zija zopepuka ngati sokosi za mwana, zopanda ndi kapepala komwe, ndinasiya kutenga.

Anambewe (msika waukulu): Ana inu, ine ndagulitsa zamkati zaka zambiri ndipo sindigwirizana nanu. Mukufuna atsikana azivala nayiloni? Kuyambira kale anamwino amatiuza kuti panti akhale wa thonje kuti thupi lipume. Nayiloniyo amasunga kutentha, mapeto ake mwana wa eni ayamba kuyabwidwa, abwera kudzakutukwanani kuposa za mizerezo.

NyaMhango: Amayi, pa zovala tsiku lonse mukunena zoona, nanenso ndimauza anthu thonje. Koma jimu ndi nkhani ina. Ine ndimathamanga ndekha m'mawa kuchokera ku Katoto kudutsa ku stadium, ndiye ndikunena zomwe ndinaziona pathupi langa. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga. Ukathamanga mphindi 30 panti amalemera, amamatirira, amayamba kusupula m'mphechepeche. Ndi kamphepo ka Mzuzu kano umabwerera kunyumba ukunjenjemera. Ukavala taiti yotuwa ndiye chinyezi chija chimajambula panti yense kunja, anthu n'kumaganiza zina. Wa nayiloni ndi spandex amauma msanga, ngakhale pa chingwe. Mukudziwa nokha kuti kuno mvula ikamawaza wa thonje amagona masiku awiri asanaume.

Anambewe: Nanga kuyabwako?

NyaMhango: Mutembenuzeni panti kunja kukhale mkati. Wabwino amakhala ndi kansalu ka thonje kosokerera pakati, kwinako nayiloni. Wopanda kansaluko ine sinditenga, ngakhale akhale wokongola. Ndipo chimene chimadwalitsa kwambiri n'kukhalitsa ndi zonyowa. Munthu wachoka ku jimu, wadzera ku msika, wakwera kabaza, wafika kunyumba wayamba kuphika akadali mu taiti yomweyo. Ndimawauza kuti ukangomaliza, vula, samba, bwerera ku wa thonje wako. Amene akuyabwidwa kale apite ku chipatala, ife si madokotala.

Anambewe: Ngati kansaluko kalipo, pamenepo ndavomera. Koma wa thonje sindisiya kuoda.

Make Tiwonge: Nanga G-string? Atsikana ena amafunsa.

NyaMhango: Mizere sionekadi, koma si onse amapirira. Pothamanga kapena pa njinga kachingwe kaja kamayendayenda n'kumasupula. Sungani ochepa a amene anazolowera. Aja onga kabudula ndi abwino kwa amene safuna kudzimva ali mbulanda, kungoti kwa a ntchafu zazikulu amapindikira m'mwamba n'kupanga mzere wina. Amene amathera msanga kwa ine ndi seamless wophimba thako lonse, wofika m'chiuno.

Anaphiri: Pa mtundu chenjerani. M'misika ya ku Tanzania, ku Kariakoo ndi ku Kyela, akakuuzani "skin colour" amakupatsani aja otumbululuka ngati tiyi wamkaka. Khungu la ndani limenelo? Pa ife amawala pafupifupi ngati woyera. Funsani a khofi, a chokoleti ndi akuda. Panti akafanana ndi khungu la mwini wake, amabisala ngakhale mu taiti yowala.

Bambo a Chisomo: Mayi akunyumba akuti ndikuuzeni kuti saizi za katundu wa ku China zimachepa. Chomwe alemba XL kuno chimakwana wa L. Ma S musatenge ambiri, agona.

Make Junior (Chibanja): Mu belo la kaunjika mumapezeka ma seamless abwino zedi, ena ngati osavalidwa. Bwanji osangosankha mmenemo?

Anambewe: Ayi mwanawe, taiti ya kaunjika inde, koma panti ayi. Ku Ghana ndi ku Zimbabwe boma linachita kuletsa kulowetsa zamkati zovalidwa kale. Kasitomala akadzadwala, ngakhale matendawo awatenge kwina, dzina lidzakhala lako.

Anaphiri: Muziwauzanso kachapidwe. Madzi ozizira, osathira Jik, osasita. Spandex akapsa ndi simbi amafa, taiti imachita mabondo. Wina anandibweretsera yomwe anaumitsa pafupi ndi mbaula, kumbuyo kutachita kunyezimira ngati pulasitiki, akuti ndikonze. Ndikonze chiyani?

Make Tiwonge: Mwadzuka bwanji nonse. Tochi ija ndayesa usiku, ine ndi Tiwonge. Akuda onse apambana, otuwa pang'ono pokha akakokeka kwambiri. Koma apinki, mayo ine, mpaka mphete ya ukwati imaoneka. Atsala asanu ndi limodzi. Ndawachotsa pa mulu wa jimu, ndiziwagulitsa ngati ovala mkati mwa siketi, June akubwerayu anthu awafuna. Ndakolekanso chitenje pakona kuti munthu aziyesa n'kunyonyomala asanalipire. Ndani akupita ku Kyela sabata ino?

NyaMhango: Ndinyamuka Lachinayi m'bandakucha. Tumizani ya katundu pa Mpamba, ya msonkho wa pa Songwe tidzawerengera ndikabwera.

Make Tiwonge: Munditengere seamless madazeni atatu, awiri a khofi ndi chokoleti, limodzi akuda. L ndi XL achuluke. G-string sikisi okha. Muwatembenuze muone kansalu kaja musanalipire.

Anambewe: NyaMhango, nanenso dazeni limodzi, ndiyesereko. A khofi.